Mmene ndinavutikira kupeza chakudya nditangofika ku Seoul

Ndinafika ku Seoul, likulu la dziko la South Korea, madzulo nditatopa ndi ulendo wa pandege, ndipo mtima wanga unali pa samgyeopsal, nyama ya nkhumba ya pamimba imene wodya amaotcha yekha pambaula yomwe ili pakati pa tebulo. Malo odyera atatu anandibweza pakhomo. Pamalo oyamba, mayi wolandira alendo anandifunsa ndi zala kuti tilipo angati, ndipo nditakweza chala chimodzi anapingasa mikono yake pachifuwa kusonyeza kuti sizitheka. Ndinayendayenda maola awiri ndi njala, kenako ndinabwerera kukagona nditangodya buledi.

M'mawa mwake mnyamata wa pahotela anandifotokozera kuti malo ambiri ootchera nyama salandira oda ya munthu mmodzi, ndipo amafuna kuti muitanitse magawo awiri ngakhale muli nokha. Chimene chimandipwetekabe n'chakuti ndalamazo ndinali nazo m'thumba, koma panalibe amene anandiuza. Choncho mukakhala nokha, nenani musanakhale pansi kuti mulipira magawo awiri, ngakhale kuti malo ena amakanabe.

Tsiku limenelo ndinakwera sitima ya pansi panthaka ya mzere 1 n'kutsikira pa siteshoni ya Jongno 5-ga, pafupi ndi msika wa Gwangjang umene unatsegulidwa mu 1905. Kumeneko munthu amadya yekha pabenchi popanda womudabwa. Ndinaonerera mayi wina akupera mphodza zonyika pamphero, kenako n'kukazinga phalalo m'mafuta ambiri mpaka linasanduka chitumbuwa chachikulu chotchedwa bindaetteok, chokhutchuka kunja koma chofewa mkati.

Nditchulekonso nkhani ya timbale ting'onoting'ono ta ndiwo totchedwa banchan, timene amayala patebulo m'malo odyera ngakhale simunatiitanitse. Ulendo woyamba sindinatikhudze poopa kuti andilipiritsa, chonsecho n'taulere, ndipo mukamaliza mukhoza kupempha kuti akuonjezereni. Pakati pake pamakhala kimchi, kabichi wothira mchere, adyo ndi tsabola amene amasungidwa mpaka atayamba kuwawasa. Tsabola wake safika pa kambuzi, koma amachuluka m'zakudya zambiri moti pakamwa pamayamba kutentha pang'onopang'ono. Supuni ndi timitengo tachitsulo todyera kawirikawiri zimakhala m'kadirowa ka m'mbali mwa tebulo, ndipo mukadya mumakalipira nokha pakauntala popanda kuonjezera ndalama yothokozera woperekera chakudya.

Usiku wachitatu ndinabwerera kootchera nyama, ndipo ndisanafunsidwe ndinakweza zala ziwiri n'kuloza pamndandanda wa zakudya. Anandikhazika pansi nthawi yomweyo. Wantchito anadula nyamayo ndi sizasi ili pamoto, n'kundisonyeza mmene amaikulungira m'tsamba la letesi pamodzi ndi adyo ndi ssamjang, msuzi wolimba wa soya ndi tsabola, n'kuiponya yonse mkamwa kamodzi. Magawo awiri aja ndinawamaliza ndekha.