Lipoti la ulendo wathu wa ku laibulale yaikulu ya mzinda wa Johannesburg

Abale anga a gulu la abwenzi a laibulale, amene munatsala mwakhala mukufunsa kuti lipoti lituluka liti, ndipo ife amene tinapita aliyense akuikamba nkhaniyi mwakemwake, makamaka ija ya msewu. Ndiye nali lipotilo, kuti tonse tizikumbukira chimodzimodzi.

Cholinga mukuchidziwa. Tinkafuna kukaona ndi maso athu laibulale imene inatsekedwa zaka zingapo n'kutsegulidwanso, ndiponso kukamva kwa anthu amene anaimenyera nkhondo kuti anachita bwanji. Tinatsikira pa Park Station m'mawa, miyendo itatupa, ndipo Amayi Msungichuma anagamula pomwepo kuti palibe zokwera takisi, tiyenda wapansi chifukwa si patali. Palibe anatsutsa. Chikwama chili kwa iwo.

Apa mpamene panayambira nkhani ya msewu. Agogo, monga mukudziwa, anagwirapo ntchito kumigodi ali mnyamata, ndipo ulendo wonse ankatiuza kuti Joni amamudziwa ngati m'thumba la jekete lawo. Anatsogola, ndodo ili m'manja, akutchula misewu imene tidutse: Bree, Jeppe, President, kenako Market. Achimwene a Foni nawo anali atatsegula mapu, ndipo anaima n'kunena mwaulemu kuti, "Agogo, pepani, misewu imeneyo mulibe muno. Muno mukuti Lilian Ngoyi, Rahima Moosa, Helen Joseph ndi Albertina Sisulu." Agogo anayankha kuti, "Mdzukulu wanga, foni yakoyo inabadwa liti? Ine misewu iyi ndinaiponda bambo ako asanamere mano." Gulu linagawikana pawiri. Aphunzitsi anaima kwa Agogo, atsikana onse anaima kwa foni, ndipo Wapampando anangoti tipemphere kaye. Tinaima pakona nthawi yaitali ndithu, zikwama zili pansi, mpaka mayi wina wogulitsa zipatso anatimvera chisoni n'kutiuza kuti onse awiri akunena zoona. Misewu ndi yomweyo, maina ndi amene anasinthidwa. Pamene tinaimapo panali pa Lilian Ngoyi, ndipo eni mzinda ambiri amapatchulabe kuti Bree.

Agogo sanagonje. Anati, "Ndiye kuti ndimalondola." Achimwene a Foni anati, "Nanenso ndimalondola." Kuyambira pamenepo aliyense wolakwitsa kanthu paulendo wonsewo ankangoti "ndimalondola", ndipo mukamva mawuwa pamsonkhano wotsatira musadabwe. Aphunzitsi, pofuna kuti mkanganowo usapite pachabe, anatikumbutsa kuti Lilian Ngoyi, Helen Joseph ndi Rahima Moosa ndi ena mwa amayi amene anatsogolera ulendo wa pa 9 Ogasiti 1956 wopita ku Union Buildings, likulu la boma ku Pretoria, kukakana malamulo a mapasi, ziphaso zimene anthu akuda ankakakamizidwa kuyenda nazo. Achemwali a Mabuku a Ana anaimba nthungululu pakati pa tauni.

Msewu wa Lilian Ngoyi womwewo ndi umene unaphulika mu Julayi 2023 chifukwa cha gasi wa pansi pa nthaka, magalimoto n'kugudubuzika, ndipo mbali imeneyo inakhala yotseka pafupifupi zaka ziwiri. Munthu wa mumzindamo amene anatilandira anatiuza pambuyo pake kuti amalonda a m'mbali mwake anavutika kwambiri, chifukwa msewu ukatsekedwa anthu oyenda pansi amasintha njira, ndipo sitolo yopanda odutsa pakhomo imafa.

Laibulaleyo ili pabwalo la Beyers Naudé Square, moyang'anizana ndi City Hall yakale imene tsopano ndi nyumba ya malamulo ya chigawo cha Gauteng. Ndi nyumba yamiyala yolemekezeka, inatsegulidwa mu 1935. Titafika pamasitepe Agogo anavula chipewa n'kukhala chete. Kenako anatiuza kuti ankadutsa pomwepa tsiku lopuma, n'kumangoiyang'anira patali, chifukwa nthawi imeneyo munthu wakuda sankaloledwa kulowamo. Zitseko zake zinatsegukira anthu a mitundu yonse mu 1974, iwo atachoka kale. Tinawapempha kuti alowe oyamba. Wapampando anawagwira mkono, ife tonse tinatsatira pambuyo, ndipo Amayi Msungichuma, amene sindinawaonepo akulira ngakhale pamaliro, anatulutsa kansalu. Mphindi imeneyo yokha inalipira ulendo wonse.

Mkatimo tinazungulira zipinda zambiri: gawo la ana, chipinda cha nyuzipepala zakale, Michaelis Art Library ya mabuku a zaluso, ndi Harold Strange Library of African Studies kumene amasunga mabuku, mapu ndi zolemba zosowa za Africa. Zinthu zonse zosungidwa m'nyumbayi zimaposa 1.5 miliyoni. Koma chimene chinandigwira mtima ine ndi matebulo. Anali odzaza: ophunzira akukonzekera mayeso, bambo wina akulemba kalata yofunsira ntchito pa kompyuta, ana a sukulu atangoweruka. Ndinkadzifunsa kuti zaka zonse zimene chitseko chinali chotseka anthu amenewa ankakhala kuti.

Phunziro lenileni tinalilandira m'kachipinda kena, ndipo ndilemba mwachidule monga anandipemphera Wapampando. Nyumbayi inakonzedwanso ndi thandizo la bungwe la ku America la Carnegie Corporation n'kutsegulidwa mu 2012. Inatsekedwa nthawi ya Covid mu 2020, ndipo mu 2021 inatsekedweratu chifukwa cha denga lodontha ndi zida zozimitsira moto zosakwanira. Pakati pa 2021 ndi 2025 mzindawu unakhala ndi mameya 7: Geoff Makhubo, Jolidee Matongo, Mpho Moerane, Mpho Phalatse, Dada Morero, Thapelo Amad ndi Kabelo Gwamanda. Awiri oyambawo anamwalira ali paudindo, ndipo pambuyo pa chisankho cha 2021 palibe chipani chinapeza mipando yopitirira theka mwa mipando 270 ya khonsolo, choncho migwirizano inkamangidwa n'kumaphwasuka. Meya akasintha, makhansala oyang'anira nthambi amasinthanso, ndipo nkhani ya laibulale imayambiranso pansi. Amene sanasinthe ndi anthu wamba. Mabungwe a Johannesburg Heritage Foundation ndi Johannesburg Crisis Alliance analemba makalata, anaitana atolankhani, ndipo mu Meyi 2024 anachita zionetsero pakhomo pomwepo. Mbali imodzi inatsegulidwa mu Malichi 2025, zipinda zotsala mu Ogasiti chaka chomwecho.

Nkhomaliro tinakadyera ku Maboneng, dera la kum'mawa kwa tauni kumene amalonda anayamba kukonza nyumba zakale zosungiramo katundu cha m'ma 2009, n'kuzisandutsa malo odyera, ogulitsira zojambula ndi ogona. Panjira Amayi Msungichuma anaona mitengo ya pakhomo la lesitilanti ina, anatembenuka osanena kanthu, ndipo tonse tinapezeka tili pamzere wogula kota. Kwa amene simunaionepo, ndi buledi wodulidwa panayi, wobooledwa pakati, n'kuthiramo tchipisi, poloni, dzira ndi atcha. Bambo Wabizinesi anapempha foloko ndi mpeni. Mtsikana wogulitsayo anaseka mpaka kugwira khoma. Aphunzitsi anaika atcha wambiri poganiza kuti ndi mango wamba, ndipo anamwa madzi a anthu atatu, misozi ili mbwembwembwe, akunenabe kuti "ndimalondola". Agogo anamaliza yawo mwakachetechete n'kufunsa ngati Achemwali a Mabuku a Ana akuifuna yotsala yawoyo.

Pomwepo mpamene panabuka mkangano waukulu, ndipo ndiulemba wonse chifukwa sunathe. Bambo Wabizinesi anatambasula manja kuloza nyumba zopakidwa utoto n'kunena kuti, "Taonani, kudzutsa tauni n'kumeneku. Ndalama za anthu, masitolo, alendo. Laibulale imangodya ndalama za khonsolo, siibweretsa kanthu." Aphunzitsi anapukuta maso n'kuyankha kuti, "Achimwene, pano takhala chifukwa tagula. Tikamaliza kudya tizinyamuka. Kumene tachokera kuja mwana amakhala kuyambira m'mawa mpaka madzulo osafunsidwa kuti wagula chiyani. Nanga tauni ndi ya ogula okha?" Bambo Wabizinesi anati popanda amalonda khonsolo ilibe msonkho, ndipo popanda msonkho denga la laibulale silingakonzedwe. Apa anali ndi mfundo, ndipo Aphunzitsi anavomera. Wotilandira anawonjezera kuti pakati pa mzindawu panayamba kufooka makampani atasamukira kumpoto, msika wa masheya wa JSE nawo n'kupita ku Sandton mu 2000, ndipo nyumba zambiri zinatsala zopanda mwini wozisamala.

Ine ndili kumbali ya Aphunzitsi, ndipo sindibisa. Malo okongola a amalonda amatenga misewu iwiri kapena itatu, ndipo ukangokhota pakona umabwerera m'mavuto omwe aja. Laibulale imabweretsa mapazi a anthu tsiku ndi tsiku, ndipo anthu amenewo ndi amene amagula zipatso kwa mayi uja, amakwera basi ya Rea Vaya pa siteshoni ya Library Gardens, amachititsa kuti bwalo lisakhale loopsa. Bambo Wabizinesi akufuna tiikambenso nkhaniyi, ndipo ndi bwino, abwere ndi mfundo zawo.

Madzulo tinadutsa ku Marshalltown, panyumba ya Usindiso imene inapsa pa 31 Ogasiti 2023 n'kupha anthu 76. Inali nyumba ya khonsolo imene inasiyidwa mpaka kulandidwa ndi anthu obwereketsa zipinda mosaloledwa, ndipo ambiri mwa okhalamo anali ochokera kumayiko ena, Amalawi ali m'gulumo. Wapampando anatsogolera pemphero. Palibe anajambula chithunzi, ngakhale Achimwene a Foni.

Wapampando anafunsa funso limene ambiri tinali nalo: kodi gulu ngati lathu lingalowe m'nkhani za khonsolo osasanduka la ndale? Wotilandira anati musavale malaya a chipani chilichonse, koma musaleke kupita kumisonkhano ya bajeti, lemberani khansala wa wodi yanu aliyense amene alipo, sungani makope a makalata onse, ndipo funsani tsiku lenileni, osati lonjezo. Wapampando anapempha kuti ndilembe mawu amenewa mokulitsa, ndipo ndatero m'buku la gulu.

Zikomo kwa wotilandira ndi anzake, amene anatiperekeza tsiku lonse osatopa ndi mafunso athu. Zikomo kwa antchito a m'laibulale amene anapezera Agogo mpando ndi nyuzipepala za zaka zimene anali kumigodi, mpaka tinachita kuwanyengerera kuti atuluke. Zikomo Amayi Msungichuma, tabwera ndi chenje, zimene sizinachitikepo. Zikomo Achemwali a Mabuku a Ana ponyamula mankhwala a aliyense, Achimwene a Foni chifukwa cha zithunzi ndi kuleza mtima, Aphunzitsi chifukwa cha mbiri ya pamsewu, ndi inu nonse amene munasonkha koma simunathe kupita.

Pamsonkhano wotsatira tidzasankha anthu awiri oti azikakhala nawo pamisonkhano ya bajeti ya khonsolo, ndipo tidzawerengerana kalata yoyamba yopita kwa khansala. Agogo adzipereka kale kukaipereka pamanja, ndipo Achimwene a Foni avomera kuwaperekeza.