Asayimenti imene inandibwerera: pakati pa tauni ya San Francisco panafa bwanji?

Asayimenti yanga yoyamba ya temu ino inabwerera ili ndi inki yofiira mpaka m'mphepete. Funso linali lalifupi: sankhani mzinda umodzi waukulu, mufotokoze chifukwa chake pakati pa tauni yake sipanadzukebe chichokereni mliri wa Covid-19. Ine ndinasankha San Francisco, chifukwa ndinali nditaonera timavidiyo tambiri pa YouTube ta anthu ogona m'misewu, ena atapindika ngati chikwakwa chifukwa cha mankhwala ozunguza bongo, ena akutuluka m'mashopu atasenza katundu osalipira. Ndinalemba masamba asanu ndi limodzi, mfundo yake imodzi: umbava ndi mankhwala ndi zimene zinathamangitsa anthu. Pansi pa tsamba lomaliza aphunzitsi analemba kuti, "Mwatola utsi, moto mwausiya. Anthu mukuti anathawawo, ankadzatani m'tauni muja poyamba?"

Ndinanyanyala masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinakhala pansi n'kuyamba kufufuza yankho la funso lawolo.

Ankadzagwira ntchito, basi. Dera la Financial District ndi mbali ina ya South of Market ndi maofesi okhaokha, nyumba zosanja zothinana ngati chimanga chosapatulira. Yaitali kuposa zonse, Salesforce Tower, inatsegulidwa mu 2018, ili ndi nsanjika 61 ndipo ndi yotalika mamita 326. Mu 2019 maofesi osowa wochita lendi anali 4 kapena 5 okha pa 100 alionse, makampani akuchita kulimbirana malo. Kenako pa 16 Marichi 2020 akuluakulu a mzindawu ndi a maboma asanu oyandikana nawo analamula kuti kuyambira tsiku lotsatira aliyense akhale pakhomo. Anali m'gulu la oyambirira kutero m'dziko lonse la America.

Mizinda yonse inatseka, koma San Francisco inali ndi tsoka lakelake. Ambiri mwa anthu a m'maofesi aja amagwira ntchito za makompyuta. Namwino sangabaye jekeseni ali pabalaza kwawo, wophika sangakazinge nyama pa Zoom, koma wolemba mapulogalamu akakhala ndi laputopu ndi intaneti, wafika kale ku ntchito. Pofika Meyi 2020 kampani ya Twitter inali itauza antchito ake kuti amene akufuna atha kumagwirira kunyumba mpaka kalekale. Nicholas Bloom wa pa yunivesite ya Stanford ndi anzake akhala akuwerengera zimenezi: mliri usanabwere, masiku a ntchito ogwirira kunyumba ku America sankafika 10 pa 100 alionse, mkatikati mwa 2020 anakwera mpaka pafupifupi 60, kenako anatsika n'kudzakhazikika cha m'ma 25 mpaka 30. Sanabwererenso pakale. Ndipo munthu amene akupita ku ofesi kawiri pa sabata salipiranso lendi yoboola m'thumba kuti akhale pafupi ndi tauni. Anthu okhala mumzindawu anatsika kuchoka pa 870,000 ndi kanthu mu 2020 kufika pafupifupi 815,000 pakati pa chaka cha 2021. Bloom ndi mnzake Arjun Ramani anafanizira zimenezi ndi donasi wobooka pakati: m'mbali mukufufuma, pakati pali dzenje.

Apa ndi pamene ndinaona pamene ndinapunthwa. Ndinasokoneza chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira. Anthu osowa pokhala ndiponso malonda a mankhwala m'dera la Tenderloin, pafupi ndi pakati pa tauni, zinaliko zaka zambiri mliri usanafike, kungoti zinkabisika m'chikhamu cha anthu othamangira ku ntchito. Madzi ataphwa, miyala inaonekera. Sindikuti mavutowo ndi abodza: mu 2023 anthu oposa 800 anafa ndi mankhwala ozunguza bongo mumzindawu, ambiri ndi fentanyl, ndipo eni mashopu amene anatseka podandaula za chitetezo sankanama. Koma mu 2024 anthu ophedwa ndi anzawo ku San Francisco anali ochepa kuposa chaka china chilichonse pa zaka pafupifupi 60, pamene maofesi anali adakali gwaa. Umbava ukanakhala muzu wake, ziwerengero ziwirizi sizikanayenda mosiyana chonchi.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri kuphunzira ndi kuchedwa kwa ululu wake. Mapangano a lendi ya maofesi amakhala a zaka zisanu, khumi, nthawi zina kuposa apo. Choncho mu 2020 ndi 2021 eni nyumba ankalandirabe ndalama zawo ngakhale m'maofesimo munali mipando yokha. Kampani ya Kastle Systems, imene imawerenga anthu ogunditsa khadi pakhomo polowa ku ofesi, inkaonetsa kuti m'mizinda khumi ikuluikulu anthu olowa anali theka chabe la akale ngakhale mu 2023, ndipo Lolemba ndi Lachisanu ndiye kunkachita kuti zii. Pangano lililonse likatha, kampani inkatenga malo ochepa kapena kuchokeratu. Pofika kumapeto kwa 2023 maofesi opanda wochita lendi ku San Francisco anali atapitirira 30 pa 100 alionse. Chikomekome cha mkuyu: usiku nyumba zikuwala magetsi kunja, m'kati nsanjika yathunthu ilibe munthu.

Nthawi yomweyo banki yaikulu ya dzikolo, Federal Reserve, inakweza chiwongoladzanja kuchoka pafupifupi pa ziro mu Marichi 2022 kufika poposa 5 peresenti pakati pa 2023. Nyumba zikuluzikulu zoterezi zimagulidwa pa ngongole, ndipo ngongoleyo ikafika nthawi yake mwini nyumba amatenga ina yobwezera yoyambayo. Tsono taganizani: lendi yatsika, ngongole yatsopano yakwera mtengo, banki ikuti nyumba yanuyo sikukwananso kukhala chikole. Nyumba ya pa 350 California Street, imene mu 2019 ankaiwerengera madola pafupifupi 300 miliyoni, inagulitsidwa mu 2023 pa madola 60 miliyoni ndi pang'ono. Mu Juni chaka chomwecho eni mahotela a Hilton Union Square ndi Parc 55 anasiya kubweza ngongole ya madola 725 miliyoni, ndipo patangopita masiku ochepa a Westfield anatula m'manja mwa okongoza msika wawo waukulu wa mashopu wa pa Market Street, umene unali ndi ngongole ya madola 558 miliyoni. Shopu ya Nordstrom, imene inali mumsikamo kwa zaka 35, inatseka mu Ogasiti.

Mtengo wa nyumba ukagwa, msonkho umene khonsolo imatolera umagwa nawo. Sitima za BART, zolumikiza mzindawu ndi madera ozungulira, zinkanyamula anthu oposa 400,000 pa tsiku la ntchito mliri usanabwere, ndipo mbali yaikulu ya ndalama zoyendetsera sitimazo inkachokera ku matikiti. Mu 2023 okwera sankafika ndi theka lomwe. Stijn Van Nieuwerburgh wa pa yunivesite ya Columbia ndi amene anatchukitsa dzina la chizungulirechi, loti urban doom loop: msonkho ukachepa khonsolo imachepetsa zosesa, apolisi ndi maulendo a sitima, tauni imanyansa, anthu enanso amachoka, msonkho n'kuchepanso. Ovutika koyamba si eni nyumba ayi, koma wosesa, mlonda, wogulitsa khofi pakona ndi wochapa majekete, amene malonda awo ankadalira phazi la munthu wa mu ofesi.

Tsono ndinene za pamene ndinatsala pang'ono kuchitanso manyazi kachiwiri. Ofufuza a School of Cities ku yunivesite ya Toronto, motsogozedwa ndi Karen Chapple, ankayeza kudzuka kwa matauni a ku America ndi Canada powerenga mafoni a m'manja opezeka pakati pa tauni, n'kuyerekeza ndi 2019. Kumayambiriro kwa 2023 San Francisco inali kumchira, anthu ake ali pafupifupi 32 pa 100 a akale. Ndinakopera nambalayi mokondwa, poti inkagwirizana ndi nkhani yanga. Mnzanga wa m'gulu lathu lowerengera anandifunsa kuti, "Iwe, nanga 67 imene ndaona ineyi ndi ya mzinda uti?" Tinakangana mpaka bando inatha. Titabwerera mawa lake tinapeza kuti tonse tinkanena zoona. Chakumapeto kwa 2023 ofufuza omwewo anasintha kayezedwe kawo, kuphatikizapo malire a malo amene akuwatcha pakati pa tauni, ndipo San Francisco inadumpha kufika pa 67. Sikuti anthu anabwerera usiku umodzi. Mzere wa pamapu ndi umene unasuntha. Kuyambira tsiku limenelo, nambala iliyonse ndikaiona ndimayamba ndafunsa kuti ayeza chiyani, malire ake ndi ati, ndipo ayerekeza ndi chaka chiti. Ndimachedwa nazo powerenga, koma inki yofiira ija imawawa kuposa kuchedwako.

Kafukufuku yemweyo anaonetsanso kuti matauni amene anadzuka msanga ndi aja a ntchito zosakanikirana, okhala ndi zipatala, masukulu, mahotela ndi malo achisangalalo, komanso amene anthu ake sayenda ulendo wautali popita ku ntchito. Nditawerenga zimenezi ndinakumbuka munda wa agogo anga aakazi, mmene chimanga, nandolo ndi maungu zinkamera pamodzi. Ife ana tinkauona ngati munda wosalongosoka, koma chaka cha ng'amba nandolo ankatipulumutsa. Pakati pa tauni ya San Francisco anadzalapo mbewu imodzi, ndipo mbewuyo inkapindulitsa kwambiri moti palibe amene ankaona chifukwa chodzalira ina. Mwa njira yaing'ono timaziona ngakhale ku Lilongwe: ku City Centre ikangokwana faifi koloko kumatsala alonda, pamene ku Old Town phokoso limapitirira mpaka mdima.

Mzinda wina umene unkangondibwerera m'mutu ndi Johannesburg, kumene abale athu ambiri amatsikira basi. Kumeneko pakati pa tauni panayamba kufota kalekale popanda mliri uliwonse. Makampani anasamukira kumpoto, hotela ya Carlton inatsekedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, msika wa masheya unapita ku Sandton mu 2000. Koma nyumba zosiyidwazo sizinakhale zopanda anthu. Osauka ofuna pogona pafupi ndi maganyu analowamo, zigawenga zinalanda nyumba zina n'kumatolera lendi, popanda madzi, popanda njira yothawira moto. Pa 31 Ogasiti 2023 nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, imene kale inali maofesi a boma, inapsa ndipo anthu 76 anafa, ena mwa iwo Amalawi. Ndikamawerenga akatswiri akukambirana zosandutsa maofesi kukhala nyumba zogona, ndimakumbuka kuti ku Joni zimenezi zinachitika kale zokha, popanda pulani kapena woyang'anira, ndipo maliro ake anafika mpaka m'midzi ya kwathu.

Kusandutsako mwadongosolo ndi kovuta kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinkati bola kumanga zipupa n'kuika mabedi. Ayi. Nyumba za maofesi zamakono ndi zonenepa kwambiri, moti pakati pake ndi kutali ndi windo, pamene chipinda chogona chimafunika kuwala ndi mpweya. Zimbudzi ndi mapaipi zimakhala malo amodzi pafupi ndi zikepe, pamene banja lililonse lifuna bafa ndi khitchini yakeyake. Magalasi ake ambiri satseguka n'komwe. N'chifukwa chake nyumba zakale zowonda, zomangidwa makina oziziritsa mpweya asanafale, ndi zimene zimasandulika mosavuta. Kumene zatheka, boma linaikapo dzanja. New York inachotsera msonkho osandutsa maofesi a ku Lower Manhattan kuyambira 1995, ndipo dera limene munkakhala anthu osafika 20,000 tsopano muli oposa 60,000. Calgary ya ku Canada, imene maofesi ake anayamba kukhala opanda anthu mtengo wa mafuta utagwa mu 2014, inayamba mu 2021 kupereka madola 75 a ku Canada pa sikweya futi iliyonse yosandutsidwa. San Francisco inachedwa: mu Marichi 2024 ndi pamene ovota anavomereza kuchotsa msonkho wina pa nyumba zoterezi, ndipo kumanga kumeneko n'kodula moti ochita nawo chidwi anali ochepa.

Mu Novembala 2024 anthu a mumzindawu anachotsa meya London Breed n'kusankha Daniel Lurie, amene analonjeza kukonza misewu ndi kudzutsa tauni. Makampani a nzeru zopangidwa ndi makompyuta, monga OpenAI, akhala akutenga maofesi akuluakulu, ndipo nkhani za m'manyuzipepala zasintha kamvekedwe. M'gulu lathu lowerengera ena akuti basi, mzinda wachira. Ine ndinalemba m'asayimenti yachiwiri kuti ndikukayika, chifukwa kudzaza maofesi omwewo ndi makampani a mtundu umodzi womwewo n'kudzalanso mbewu ija m'munda womwe uja, ndipo usiku m'misewu ya Financial District mudzakhalabe mopanda mwana wosewera kapena mayi wotuluka kukagula buledi.

Pepalalo labwera dzulo. Inki yofiira yachepa, malikisi akwera. Koma pansi pake alembanso: "Moto mwaupeza. Komatu nyumba mwazipatsa masamba asanu, munthu wosesa m'nyumbamo mwamupatsa mizere itatu. Anapita kuti?" Ndawerenganso, ndi mizere itatu ndithu. Ati ndikayankhe pakamwa m'kalasi Lachinayi likudzali.