Msuzi wowawasa wa ku China pa tsiku lozizira

Lachitatu usiku, ku Nanjing.

Lero kunacha ndi chifunga komanso kuzizira kolowa m'mafupa kuja kwa mu Januwale, chimfine chimene chinandigwira Lolemba chikadalipobe. Nditaweruka kukalasi ndinadzera kumsika kukagula tofu (chakudya choyera chofewa chopangidwa ndi soya), kanyama ka nkhumba, mphukira za nsungwi ndi bowa wouma wa mitundu iwiri. Mtima unali pa suan la tang, msuzi umene ndakhala ndikumwa m'malesitilanti koma ndisanauphikepo ndekha. Suan ndi kuwawasa, la ndi kuwawa kwa tsabola.

Bowa ndinamuviika m'madzi ofunda. Wakuda uja amamutcha mu'er, kutanthauza khutu la mtengo. Ali wouma amangokhala kanthu kokwinyika ngati khungwa, koma pakatha mphindi 20 wafufuma mpaka kudzaza mbale, akuoneka ngati khutu ndithu. Winayo ndi shiitake, ndipo madzi ake onunkhira sindinataye, ndinawaphatikiza ndi msuzi wa nkhuku. Zonse ndinaziduladula zoonda ngati timitengo ta machesi.

Apa ndiye ndinalakwitsa. Viniga ndinathira koyambirira, n'kusiya mphika ukubwata. Polawa, kuwawasa kunali kutathawa ndi nthunzi, kwangotsala mchere wa sosi wa soya. Dzanja langa linathamangira ku tsabola wofiira, poti kwathu tikati chakudya chiwawe timaganiza za kambuzi. Mayi woyang'anira nyumba yathu anali pomwepo akuteleka madzi. Tonse timawaitana kuti ayi, ndiko kuti azakhali m'chinenero chawo. Anandigwira mkono n'kunena kuti, "Ameneyo usathire, mwana iwe. Zimitsa kaye moto."

Anapita kuchipinda kwawo n'kubwera ndi kabotolo ka tsabola woyera wosinja. Ameneyu ndiye mwini wake wa msuziwu. Sawotcha lilime ngati wofiira. Amayamba mwakachetechete kukhosi, kenako kutentha kumatsikira pachifuwa n'kukwera kumphuno. Iye ndi viniga amalowa pomaliza, moto utazima, chifukwa fungo lawo silipirira kuwira.

Viniga wakenso si woyera uja woluma. Ndi wakuda, wa ku Zhenjiang, mzinda wa m'mphepete mwa mtsinje wa Yangtze kufupi ndi kuno. Amamufulula ndi mpunga womata, ndipo pansi pa kuwawasa kwake pamamveka kakutsekemera pang'ono. Ndinamununkhiza kangapo ndisanathire.

Za dzira anandionetsanso. Uyambe wasungunula sitachi wa chimanga m'madzi ozizira, uthire mumphika mpaka msuzi ugwirane ngati kaphala kamadzimadzi. Ukatero ndiye utsanulire dzira lomenya, kamtsinje kakang'ono, ukuzunguliza dzanja pamwamba pa mphika. Ukafulumira kuthira msuzi usanagwirane, dzira limabalalika n'kuchititsa msuzi kuoneka ngati madzi otsukira mbale. Langa linayandama bwino, timizere tachikasu ngati ulusi, ndipo ndinakondwa kwambiri.

Chimene chinatenga nthawi ndi kulinganiza. Pa msuzi wokwana lita imodzi ndinayamba ndi masupuni awiri aakulu a viniga, ndinalawa, kunali kuchepa. Supuni lachitatu linapitirira pang'ono, masaya anachita kukokana, ndiye ndinadonthezera sosi wa soya kuti mchere ubweze. Tsabola ndinathira theka la kasupuni ka tiyi, n'kudikira, chifukwa ameneyu samveka nthawi yomweyo. Pamapeto pake madontho a mafuta a chitowe ndi anyezi wamasamba.

Mbale yoyamba ndinapatsa mayi aja ndi manja awiri. Anamwa kawiri, anakhala chete, kenako analoza kabotolo kaja kuti ndiwonjezere. Ndinawonjezera, ndipo ananena zoona. Pofika pakati pa mbale yanga thukuta linali pachipumi, mphuno zitatseguka koyamba chiyambire Lolemba.

Wotsala ndaika mufiriji. Andiuza kuti mawa ndikatenthetsa ndithirenso viniga pang'ono, ndipo kabotolo ka tsabola andisiyira mpaka ndikagule kanga Loweruka.