Homuweki ya ku Orvieto

Sabata yachisanu ndi chimodzi ya maphunziro athu a Chitaliyana kuno ku Perugia, m'dziko la Italy, aphunzitsi analowa m'kalasi opanda buku. Aliyense anamupatsa kapepala kolembedwa dzina la tauni ndi ndalama, ma euro 200. Ntchito yake inali yoti ukonze ulendo wogona masiku awiri m'tauni imeneyo, sitima, malo ogona ndi chakudya zonse zikwane m'ndalamayo, ndipo chilichonse ufufuze m'Chitaliyana. Kapepala kanga kanalembedwa kuti Orvieto.

Ndinasangalala chifukwa ndinkaona ngati zagwera m'munda mwanga. Ndagwira ntchito yolandira alendo zaka zisanu ndi ziwiri pa loji ina kunyanja ku Mangochi, ndipo n'kumeneko kumene ndinayamba kukonda chiyankhulochi. Dera lathu lija lakhala ndi ansembe a chipani cha Montfort ochokera ku Italy kwa zaka zambiri, ndiye abale awo ndi anthu odzathandiza ntchito za mpingo ku Balaka amakonda kudzapuma kunyanja asanabwerere kwawo. Ndinkafuna tsiku lina ndidzawayankhe m'chiyankhulo chawo. N'chimene chinandifikitsa pa Università per Stranieri, sukulu yophunzitsa alendo Chitaliyana, m'nyumba yakale ya Palazzo Gallenga, pafupi ndi chipata chamiyala chimene anthu a mtundu wa Etruscan anamanga zaka zoposa 2,000 zapitazo.

Madzulo omwewo ndinatsegula intaneti, n'kusanja mahotela kuyambira wotchipitsitsa. Woyamba unali wa ma euro 44 pa usiku. Ndinaulemba m'kope, ndinawonjeza sitima ndi chakudya, ndipo m'mawa ndinakapereka.

Aphunzitsi anayang'ana pepala langa kanthawi, kenako anandifunsa funso limodzi lokha: “Orvieto, o Orvieto Scalo?”

Mawu akuti scalo ndinali nditawaona pa adiresi ya hotelayo, koma ndinangowadumpha. Anandiuza kuti ndikatsegule mapu osonyeza zitunda, osati misewu yokha. Apa m'pamene ndinaona. Tauni yakale ya Orvieto inamangidwa pamwamba pa chithanthwe chachikulu chosalala pamwamba, chokhala ndi maphompho mbali zonse. Sitima singakwere pamenepo. Siteshoni ili m'munsi, m'chigwa, panjanji yochokera ku Roma kupita ku Firenze, ndipo nyumba zimene zinamera mozungulira siteshoniyo ndizo zimatchedwa Orvieto Scalo. Pamapu wamba malo awiriwa amaoneka oyandikana ngati nyumba ndi khitchini, koma pakati pake pali chikweza cha mamita oposa 150. Amawalumikiza ndi kasitima kokokedwa ndi chingwe, funicolare, kamene kamanyamuka moyang'anizana ndi siteshoni n'kukakutula pa Piazza Cahen. Kanayamba kuyenda mu 1888 pogwiritsa ntchito kulemera kwa madzi, ndipo kamagetsi kamene kalipo lero kanatsegulidwa mu 1990. Koma sikayenda usiku wonse. Ukachedwa pamwamba paja ukudya kapena kuyenda m'misewu, kutsika kwake n'kwa basi kapena takisi, ndipo takisi imodzi yokha imatha kudya ndalama yonse imene unapulumutsa pa chipinda.

Matauni ambiri a m'chigawo chino cha Umbria ali chonchi. Siteshoni ya Assisi ili ku Santa Maria degli Angeli, makilomita angapo m'munsi mwa tauni. Ngakhale kuno ku Perugia, ukatsika sitima umakwera basi kapena kasitima kakang'ono kotchedwa Minimetrò kuti ufike pakati pa mzinda. Makolo awo ankamanga pamapiri pothawa adani, ndipo njanji inabwera mochedwa n'kutsata chigwa.

Sindikunena kuti kugona ku Scalo n'kulakwa. Munthu amene akufika usiku, kapena ali ndi sitima ya m'bandakucha, kapena wanyamula masutikesi awiri, m'munsi muja ndi momuyenera. Ine ndinkafuna kuona tauniyo madzulo, alendo a tsiku limodzi atapita, ndiye kwa ine chipinda cha 44 chija sichinali chotchipa ayi.

Ndinayambiranso, tsopano ndikuwerenga mawu aliwonse ndi dikishonale pambali. Colazione compresa ndiye kuti kadzutsa ali m'mtengo momwemo, esclusa ndiye kuti palibe. Bagno in comune ndi bafa logawana ndi alendo ena. Singola ndi chipinda cha munthu mmodzi, matrimoniale ndi cha bedi limodzi lalikulu. Non rimborsabile ndiye kuti ukasintha maganizo ndalama yako yapita, ndipo kawirikawiri mtengo wotsikitsitsa umene umaoneka poyamba umakhala umenewo. Nyenyezi za hotela nazonso sindinazidalire kwambiri, chifukwa malamulo ozipereka amakhazikitsidwa ndi chigawo chilichonse, ndipo zimawerenga zinthu ngati chikepe, kukula kwa chipinda ndi maola amene polandirira alendo pamakhala munthu. Sizikuuza ngati mashiti achapidwa bwino.

Palinso imposta di soggiorno, msonkho wa mlendo aliyense pa usiku uliwonse. Lamulo la mu 2011 ndi limene linalola makhonsolo a matauni okopa alendo kuutolera, ndipo khonsolo iliyonse imaika mtengo wake. Nthawi zambiri sukhala m'mtengo umene waona pa intaneti, umalipira pamalopo, ena amafuna ndalama yapamanja. Ndi ndalama yochepa, koma munthu amene wawerengera khobidi lililonse amayenera kuidziwiratu. Ndinaphunziranso kuti aliyense wogoneka alendo amakakamizidwa ndi lamulo kutumiza mayina awo ku polisi, ku Questura, pasanathe maola 24. Choncho akakupempha pasipoti pofika usadabwe, ndipo usaisiye kunyumba poganiza kuti ulendo ndi wapafupi. Malo ovomerezeka amakhalanso ndi nambala ya boma yotchedwa CIN, imene amayenera kuionetsa potsatsa malonda awo. Nditadziwa zimenezi, malo alionse opanda nambalayo ndinkangowadutsa.

Chimene chinandipulumutsa ndi mawu ena atsopano, casa per ferie. Ku Italy nyumba zambiri za masisitere ndi ansembe zimalandira alendo pamtengo wotsika, zipinda zosakongoletsa koma zaukhondo, ndipo poti ndi nyumba zakale, zambiri zili pakatikati penipeni pa tauni. Ndinapeza imodzi ya masisitere pamwamba pathanthwe paja. Inalibe pobukitsa pa intaneti. Panali nambala ya foni basi.

Foni imeneyo ndinaikonzekera masiku awiri. Kuyankhula m'kalasi n'kosavuta chifukwa aphunzitsi amakudikira, amaona nkhope yako, amakuthandiza ndi manja. Pafoni zonsezo palibe. Ndinalemba mafunso asanu papepala, ndinawayeseza mokweza ndili ndekha m'chipinda. Chimene ndinkasamala kwambiri chinali ulemu. Ife munthu wamkulu timamuchulukitsa, timati inu, mwadzuka bwanji. Ataliyana amamuyankhula ngati akunena za munthu wachitatu amene palibe, amati Lei, ndipo mneni amasintha motsatira zimenezo. Anzanga ena a m'kalasi, amene ziyankhulo zawo zilibe kusiyanitsa kotere, amavutika kumvetsa chifukwa chake. Ine chifukwa chake ndinakula nacho. Kunena kuti tu kwa sisitere wachikulire kukanandiwawa pakamwa ngati kunena kuti iwe kwa agogo.

“Pronto?” anayankha mawu a mayi wachikulire.

Ndinapereka moni, ndinati ndikufuna chipinda cha munthu mmodzi, Lachisanu ndi Loweruka. Anayankha mothamanga, ndinangogwirapo mawu awiri. Ndiye ndinanena chiganizo chimene aphunzitsi anatiphunzitsa tsiku loyamba: “Può parlare più lentamente, per favore?”, kutanthauza kuti chonde, yankhulani pang'onopang'ono. Anaseka mokoma mtima, n'kuyambiranso, liwu limodzilimodzi. Ma euro 52 pa usiku, bafa langalanga, kadzutsa momwemo, msonkho padera. Chitseko chachikulu amatseka 11 koloko usiku. Ndifike isanakwane 7 koloko madzulo chifukwa ikatero amakhala ku mapemphero. Chikepe palibe, chipinda chili pa secondo piano, ndipo poti iwo nsanjika yapansi saiwerenga, ndiye kuti masitepe okwera kawiri. Zonsezi pa intaneti sindikanaziona. Pomaliza anafunsa kumene ndikuchokera. Nditati Malawi, anati, “Brava, cara,” kutanthauza kuti wachita bwino, wokondedwa, ndipo ndinatseka foni manja ali thukuta, mtima uli mbee.

Za sitima sizinandivute kwambiri. Sitima za regionale, zoyenda maulendo a m'madera, mtengo wake susintha ngakhale ugule tsiku lomwelo, mosiyana ndi zothamanga zija zimene zimakwera mtengo tsiku likamayandikira. Kuchokera ku Perugia ndinasinthira pa Terontola. Tikiti yapepala ya regionale umayenera kuidinditsa pa kamakina ka pasiteshoni usanakwere, apo ayi umalipira chindapusa ngakhale tikiti uli nayo m'manja. Pa ndandanda ya maulendo pali tizizindikiro tiwiri: tinyundo topingasa ndi feriale, masiku a ntchito, ndipo kamtanda ndi festivo, Lamulungu ndi masiku a tchuthi, pamene maulendo amachepa. Ine ndinkabwerera Lamulungu, ndiye ndinatsata kamtanda. Ndinafufuzanso ngati kulibe sciopero, sitiraka, chifukwa kuno amalengezeratu.

Homuwekiyo inathera pamenepo, koma nditaiyang'ana ndinaona kuti sindingaisiye papepala. Ndinapitadi, mu November.

Tchalitchi chachikulu cha Orvieto, chimene anayamba kumanga mu 1290, ndinachiona Lachisanu dzuwa likulowa, kumaso kwake kukunyezimira golide, ine ndili chilili pabwalo mpaka kuzizira kunandithamangitsa. Mkati mwake muli zithunzi za chiweruzo chomaliza zimene Luca Signorelli anayamba kujambula mu 1499. Koma chimene chakhala m'mutu mwanga mpaka lero ndi chitsime, Pozzo di San Patrizio, chapafupi ndi pamene kasitima kaja kamaima. Papa Clemente VII anathawira ku Orvieto mzinda wa Roma utaphwasulidwa ndi asilikali mu 1527, ndipo poopa kuti adani akazinga thanthwelo anthu adzafa ndi ludzu, analamula Antonio da Sangallo il Giovane kuti akumbe chitsime. Chinatha mu 1537. N'chakuya mamita oposa 50, masitepe ake 248. Nzeru yake ili apa: njira ndi ziwiri zozungulira mopiringizana, ina yotsikira, ina yokwerera, kuti nyulu zotsika ndi mitsuko yopanda kanthu zisakumane ndi zokwera zitasenza madzi. M'makoma muli mawindo oloza pakati, moti ukamatsika umaona munthu tsidya linalo akukwera, mumayang'anana, koma simungakhudzane. Ndinakumbuka kanjira kotsetsereka kopita kudambo kwathu, momwe wotsika amayenera kupatukira m'tchire kuti wosenza ndowa adutse, ndi momwe madzi ankatayikira mukagundana. Nditafika pansi ndinaima pakamlatho, ndinayang'ana kumwamba, kuwala kukuoneka kabwalo kakang'ono ngati mbale.

Pa chakudya ndinatsata zimene tinaphunzira. Khofi ndinkamwera al banco, choimirira pakauntala, chifukwa ukakhala patebulo mtengo umakwera. Masana ndinkagula buledi woikamo porchetta, nyama ya nkhumba yootcha, ndipo madzi ndinkatunga pa mipopi ya m'misewu. Loweruka madzulo ndinalowa mu trattoria, malo odyera wamba, kudya umbrichelli, pasta yonenepa ya kumeneko yopangidwa ndi ufa ndi madzi. Pa bilu panali coperto, ndalama ya pamalo okhala ndi buledi imene amalipiritsa munthu aliyense, ndipo ndinali nditaiwerengeratu.

Chimodzi chokha sindinachikonzekere, kuzizira kwa m'nyumba. Makoma amiyala aja amasunga chisanu, ndipo ku Italy lamulo limaika maola amene zotenthetsera nyumba zingayake pa tsiku. Usiku woyamba ndinagona ndi juzi. M'mawa ndinapita kwa Sisitere, ndinakhala kaye chete kusankha liwu, chifukwa coperto ndi ya kumalo odyera ija, pamene bulangete ndi coperta. Ndinati, “Suora, posso avere un'altra coperta?” Anabwera ndi mabulangete awiri aubweya, olemera, onunkhira sopo, n'kundidandaulira kuti bwanji sindinagogode usiku womwewo.

Lolemba ndinapereka lipoti langa m'kalasi, ndi malisiti onse omata pakope. Zinatsala ma euro 17. Aphunzitsi anandikonza mneni m'malo atatu, ndipo malo onse atatuwo ndawalemba pakhoma pafupi ndi bedi.

Usiku umenewo ndinatsegula uthenga umene timatumizira alendo akabukitsa chipinda pa loji yathu. Ndinaulemba ndine, zaka zinayi zapitazo. Uli ndi mtengo, tsiku, ndi mawu owalandira. Ulibe mtunda wochokera pamsewu waukulu kufika pageti, ulibe nthawi imene maminibasi amasiya kuyenda, sunena ngati misonkho ili m'mtengomo, sunena kuti June ndi July kunyanja kumaomba mwera. Ndinakumbukira nkhope za alendo amene ankafika mdima utagwa, fumbi mpaka m'mawondo, akukoka sutikesi mumchenga. Ndinalembera mnzanga amene akundigwirira ntchito: “Achemwali, mawa mukapeza mpata mufunse a kabaza aja kuti kuchokera pa siteji kufika kwathu amalipiritsa zingati masana, zingati usiku. Mundiuzenso minibasi yomaliza yochokera ku boma imadutsa nthawi yanji. Ndikufuna tiwonjezere pa uthenga uja sabata ino.”