Sabata yoyeza magazi a mumtima pa kompyuta

Lolemba tinalandira zithunzi za CT (makina ojambula m'kati mwa thupi magawomagawo) za mitima ya odwala asanu, ndipo ziwiri tinazibweza tsiku lomwelo. Pa chimodzi, mtima unkagunda mofulumira pojambula, moti mtsempha wa kumanja unkaoneka ngati wadukaduka pamene unangogwedezeka. N'chifukwa chake ojambula amayamba apatsa wodwala mankhwala a metoprolol kuti kugunda kutsike kufika cha m'ma 60 pa mphindi, ndi nitroglycerin pansi pa lilime kuti mitsempha itseguke. Chithunzi chinacho anachidula m'magawo okhuthala kwambiri. Mtsempha wa mtima ndi mamilimita 3 kapena 4 okha m'mimba mwake, choncho timafuna magawo osapitirira mamilimita 0.75.

Dokotala amafuna nambala imodzi kwa ife, FFR. Ndi puresha ya magazi kutsidya kwa pamene mtsempha wafinyika, kuigawa ndi puresha ya mu aorta (mtsempha waukulu wotuluka mumtima), magazi akuyenda pa liwiro lawo lonse. Nico Pijls ndi Bernard De Bruyne anaikhazikitsa m'zaka za m'ma 1990, akuyeza ndi kawaya kolowetsa mumtsempha. Ikafika 0.80 kapena kutsika, dokotala amayamba kuganiza za stent, kachubu koika mumtsempha kuti utseguke. Ife timaiwerengera kuchokera pa chithunzi, wodwala osabayidwa kawayako, njira yomwe bungwe loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala la FDA ku America linavomereza mu 2014.

Lachiwiri lonse linathera pa kujambula makoma a mitsempha mu pulogalamu ya pa kompyuta ya SimVascular, ndipo apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Umatsata mzere wa pakati pa mtsempha, n'kuzunguliza kabwalo gawo ndi gawo. Wodwala wachitatu anali ndi kashiamu wambiri mu LAD, mtsempha wotsika kutsogolo kwa mtima. Pa CT kashiamu amawala mbee, n'kuoneka wamkulu kuposa mmene alili, ndipo kuwalako kumadya njira ya magazi. Pulogalamu ukaisiya yokha imajambula khoma m'kati kwambiri. Anthu amaona ngati n'zazing'ono, koma lamulo la Poiseuille, la kayendedwe ka zamadzimadzi m'paipi, silikhululuka: ukachepetsa kukula kwa njira ndi gawo limodzi mwa 10, kuvuta kwa kudutsa kwa magazi kumakwera kupitirira theka. Pamalo amenewo tinakonza kabwalo kalikonse pamanja, anthu awiri aliyense payekha, kenako n'kuyerekeza.

Lachitatu tinaluka mesh, kugawa mkati mwa mtsempha m'timagawo tating'ono mamiliyoni angapo, tothinana kwambiri m'mbali mwa khoma ndi pofinyika. Magazi timawapatsa kulemera kwa makilogalamu 1,060 pa kiyubiki mita, ndi kulimba pafupifupi kanayi kuposa madzi. Chovuta chili kumapeto kwa nthambi, chifukwa timitsempha ta m'mnofu wa mtima sitioneka pa CT. Timayerekeza kuchuluka kwa magazi potengera kukula kwa mnofuwo (munthu atapuma ndi pafupifupi mamililita 250 pa mphindi), n'kuwagawira nthambi motsata lamulo la Murray la 1926: nthambi yaikulu kawiri imatenga magazi ochuluka kasanu ndi katatu. Kenako timatsitsa kuvuta kwa kudutsa kwa magazi m'timitsempha tija kufika pafupifupi pa kota, kutsanzira zomwe adenosine, mankhwala otsegula timitsemphati, amachita m'thupi. Masamu a Navier-Stokes, owerengera kayendedwe ka zamadzimadzi, tinawasiyira kompyuta usiku.

Lachinayi m'mawa odwala awiri anatuluka bwino, onse pamwamba pa 0.85. Wachitatu uja anatuluka 0.71, nambala yosagwirizana ndi mmene kufinyikako kunkaonekera. Tinachulukitsa timagawo ta mesh kawiri, nambala sinasunthe, ndiye vuto silinali pamenepo. Titabwerera ku zithunzi tinapeza kanthambi kopatuka pamwamba pang'ono pa pofinyika, kamene tinakaphonya chifukwa kanabisala kuseri kwa kashiamu. Magazi omwe akanapatukira m'menemo kompyuta inawakankhira onse pa kampata kaja, puresha n'kugwa mopitirira. Titakabwezeretsa, nambala inakwera kufika 0.78. Kompyuta sinalakwitse chilichonse; inawerengera bwinobwino mtsempha umene sunali wa wodwalayo.

Lachisanu ndi la malipoti. Nambala timaiwerenga sentimita imodzi kapena awiri kutsidya kwa pofinyika, osati kunsonga kwa mtsempha, chifukwa kunsongako imatsika ngakhale mwa munthu wabwinobwino. Pakati pa 0.75 ndi 0.80 sitilamula kanthu, makamaka pamene kashiamu wachuluka chonchi. Mu lipoti la wodwala wachitatu tinalemba 0.78, tinaonetsa malo amene khoma tinalikonza pamanja, ndipo tinapempha dokotala kuti ayeze ndi kawaya asanaganize zoika stent.