Zikomo nonse, amayi akaona pamene agona bambo awo

Tabwerako ku Hwange, m'dziko la Zimbabwe, abale. Miyendo yatupa, mawu atha, koma sindigona ndisanathokoze.

Ambiri mukudziwa kuti agogo, bambo a amayi anga, anatsala mumgodi wa malasha wa Wankie No. 2 ku Hwange komweko pa 6 June 1972, tsiku limene mpweya wa methane ndi fumbi la malasha zinaphulika n'kupha anthu 427. Patapita masiku atatu opulumutsa anasiya, mgodi n'kutsekedwa anthu ali momwemo. Amayi anali ndi zaka zinayi. Kumudzi kunangofika uthenga, maliro analira opanda bokosi.

Inu amene munasonkha ya thiransipoti, Mulungu abwezere pamene munachotsapo. Kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare mpaka Bulawayo, amayi sanadandaule ngakhale kamodzi.

Koma agogo ena aakazi amene tinakumana nawo ku Hwange, ine ndilibe mawu. Sitinkadziwana. Anangotimva tikuyankhula Chichewa pa mwambo wa chikumbutso cha ngoziyo ku Kamandama, pamalo a mgodiwo, n'kubwera ndi ndodo yawo kudzafunsa kuti kwathu n'kuti. Nawonso amuna awo ali pansi pomwepo. Anawagwira amayi dzanja, n'kuwatengera pafupi ndi pamene panali khomo la mgodi, n'kuwauza kuti: "Mwana wanga, alonjereni bambo anu, afika kalekale pano." Amayi anagwada pafumbi n'kuitana "Ababa!" Kubadwa kwanga ndinali ndisanamvepo mawu amenewo akutuluka pakamwa pawo. Ndinalephera kujambula, foni inkangonjenjemera m'manja.

Agogowo sanalire. Anavula chitenje chawo n'kuwafunditsa amayi, n'kuima pambali pawo mpaka atatonthola. Usiku anatigoneka kwawo, iwo pansi, amayi pabedi. Tinakana, anatikalipira. Chichewa chawo chasakanikirana ndi zinenero za komweko, koma tinamvana zonse. Ambuye, muwasunge mayi amenewa, muwapatse masiku.

Amene munkati kupita kutali chonchi chifukwa cha munthu wakufa kalekale n'kutaya ndalama, sindikusungirani mangawa. Koma anali agogo anunso, ndipo foni yokha mukanaimba.

Potsanzikana, agogo aja anatapa dothi la ku Kamandama n'kulimanga m'kampango kawo. Amayi agona nalo kumutu. Loweruka tikalithira pamanda a agogo aakazi, amene anadikira mpaka kumwalira osaona pamene anagona amuna awo. Amene mungathe, tiperekezeni.