Lipoti la Ulendo Wokaona Kayezedwe ka Grout ndi Sealer wa Konkire

Gulu lathu la amisiri omanga ndi akapitawo linakacheza ku labotale ya fakitale ina yopanga mankhwala a konkire, kuti tikaone ndi maso athu m'mene grout (phala la simenti lodzazira mipata) ndi sealer (mankhwala opaka pa konkire poiteteza) amayezedwera asanafike m'manja mwathu. Tisanalowe anatipatsa magolovesi, magalasi oteteza maso ndi zophimba mphuno, ndipo mkulu wa labotaleyo anatikumbutsa kuti simenti yonyowa imakhala ndi pH (muyezo wa ukali wa mankhwala) ya pakati pa 12 ndi 13, yomwe ndi yokwera kwambiri, motero imawotcha khungu mwakachetechete, munthu n'kudzazindikira zilonda zitatuluka kale.

Nthawi yathu yambiri inathera pa grout amene sachepa akamauma, uja timathira pansi pa mapulati achitsulo onyamula makina ndi mizati. Woyezayo anayamba waika madzi pa sikelo, kenaka n'kumathira ufa pang'onopang'ono m'madzimo uku makina akutakasa. Atatha, pofuna kuyeza kayendedwe ka grout, anatseka kunsi kwa fanulo yachitsulo ndi chala, n'kuthiramo mamililita 1,725 a grout, ndipo atachotsa chalacho mnzake anawerenga masekondi mpaka kuwala kutaonekera pabowo. Madzi okhaokha amatha m'masekondi 8, ndipo umo ndi m'mene amadziwira kuti fanuloyo ili bwino.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi msakanizo wachiwiri, umene anawonjezeramo madzi dala monga amachitira anthu ambiri pamalo omanga akafuna kuti grout ayende msanga. Unayendadi bwino, ndipo unkaoneka wosalala moti aliyense akanaukonda, koma utakhala kanthawi m'ndowa madzi anayamba kutuluka pamwamba, mchenga ukukhazikika pansi. Zimenezi zikachitika pansi pa pulati, madziwo akauma amasiya mpata umene palibe angauone, ndipo makina olemera amatsamira pa malo ochepa chabe. Anatisonyezanso timabuloko ta mamilimita 50 mbali zonse totuluka m'zikombole, timene amatiphwanya pa makina patapita masiku 1, 3, 7 ndi 28, ndipo ta madzi ambiri tinkasweka mphamvu ya makina isanafike patali. Kwa ine, mmisiri aliyense wothira madzi moyerekeza ndi diso anayenera kuima pamenepo n'kuona yekha.

Pa sealer sitinachedwepo. Pali wolowa m'kati mwa konkire, monga silane ndi siloxane, amene sasintha maonekedwe koma amachititsa madzi kukhala timadontho pamwamba, ndiye pali wokuta pamwamba, monga acrylic, epoxy ndi polyurethane. Wokutayu ndi amene amasupuka ngati konkire ikadali ndi chinyontho, n'chifukwa chake konkire yatsopano nthawi zambiri imadikirira masiku 28. Njira yosavuta yoonera chinyonthocho, yotchedwa ASTM D4263, ndi kumata pulasitiki ya masentimita 45 mbali zonse pansi ndi tepi, n'kuisiya maola 16. Ataimatula ife tikuona, kunsi kwake kunali mame ndipo konkire inali itada, ngakhale kuti pambali ponse pankaoneka pouma. Anayezanso kugwira kwa epoxy pomata kachitsulo kozungulira ka mamilimita 50 n'kukazula ndi makina. Kanatuluka ndi zidutswa za konkire, chizindikiro chakuti epoxy anagwira kuposa konkire yeniyeniyo.

Anatichenjezanso kuti epoxy akasakanizidwa ndi mankhwala omulimbitsa amatentha yekha, ndipo akachuluka m'chitini amalimba msanga, choncho n'kofunika kusakaniza wochepa n'kumumwaza mwachangu. Mankhwala olimbitsawo akamakhudza khungu kawirikawiri, thupi limayamba kudana nawo mpaka kalekale.

Mmodzi wa ife anafunsa chimene tingachite pamalo omanga opanda labotale. Anayankha kuti sikelo, pulasitiki, tepi ndi zikombole n'zokwanira poyambira, timabulokoto n'kumatitumiza kukaphwanyidwa. Pobwerera tinagwirizana kuti kapitawo aliyense azilemba m'buku nambala ya gulu la matumba, kulemera kwa madzi amene athiridwa ndi nthawi imene asakanizira.